Tsitsi la Otsuya pa Chithunzi cha Sopo

Ine ntchito yanga ndi yomanga akazi tsitsi, ndiye za tsitsi musandiuze. Kuno ku Osaka mkazi wapabanja amalimasula posamba, podwala, kapena akamwalira. Woyenda nalo lomasula ndi wamisala kapena mzukwa.

Mlamu wanga Reikichi anabwerako ku Paris ndi tindevu tosongoka komanso nthenda imodzi: chilichonse chimene wajambula chizipotana ngati nyemba zoyanga. Maluwa opotana, zilembo zopotana, akazi atsitsi loyenderera pepala lonse. Wopanga sopo wina atamupatsa ntchito ya chithunzi chotsatsira malonda, Reikichi anauza mkazi wake Otsuya, mng'ono wanga, kuti amasule tsitsi limene ndinamumanga ndi manja angawa. Analumbira kuti nkhope aisintha, palibe adzamuzindikire.

Masiku asanu ndi anayi mwana wa mayi anga anagona pamphasa, tsitsi litayalidwa, mwamunayo akulipinda ndi timitengo todyera. Zinandinyansa.

Chithunzicho anachimata kusiteshoni ya sitima ndiponso pakhomo la nyumba yosambiramo anthu onse ya m'dera lathu. Nkhope anaisiya momwemo, mpaka kadontho kakuda ka pansi pa diso. Amuna okoka ngolo ankaima n'kumaloza. Otsuya akalowa m'madzi, azimayi ankasendera uko. Apongozi ake anayamba kunena kuti mkazi wodzionetsa chotere sangakhale pakhomo pawo.

Ndinapita kukamufunsa Reikichi. Anandiyankha osadzutsa mutu kuti nkhope ina ikanawononga mzere wa tsitsi.

"Mzere, alamu? Mkazi wanu sakutulukanso m'nyumba."

"Inu mumamanga tsitsi, ine ndimalimasula. Zaluso izi simungazimve. Komanso a sopo akufuna chachiwiri."

Otsuya anali kuseri kwa chitseko chapepala, anamva zonse. Kutacha anabwera kwanga, anagwada, n'kundipatsa lumo langa lomwe. Mkazi akadula tsitsi ndiye kuti banja latha, tonse awiri tinkadziwa. Ndinadula ndikulira.

Ndinakalitula ndekha patebulo pa Reikichi, lokulunga m'pepala loyera, ndikuganiza kuti mwina manyazi amugwira. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analimasula, analiyala papepala, n'kutenga timitengo tija.

"Chonchi ndiye bwino," anatero. "Silikugwedezeka."