Chibangili cha pa Mwendo wa Dewi

Glenys Pritchard anabwerako kundende ya mumzinda wa Swansea mtima uli wosweka. Amuna ake, a Dewi, anapatsidwa chaka chimodzi chifukwa chothyola mnzawo nsagwada pamsika wa nkhosa, ndipo akundende anati adzatuluka mu Meyi. Koma nkhosa sizidikira khoti. Zawozo zimaswa mu Malichi, chisanu chili tsitsitsi, ndipo Glenys yekha sakanatha. Mwini famu imene ankachita lendi anali atachenjeza kale kuti ana a nkhosa akafa ambiri chaka chino, famuyo aipereka kwa ena.

Eirlys, mnansi wake wogwira ntchito kuofesi yolangiza anthu zamalamulo, anamupeza akukonza mpanda, misozi ili m'maso. Atamva nkhaniyo, anafunsa ngati woweruza anachotserako miyezi isanu ndi umodzi imene a Dewi anadikira mlandu ali ndi chibangili chamagetsi kumwendo, choti asamatuluke m'nyumba kuyambira madzulo mpaka m'mawa.

Glenys anati zimenezo akundende amawerengera okha. Ndiponso tsiku la chigamulo loya wawo anadwala, kunabwera wina wachilendo, ndipo a Dewi sanamuuze kanthu. A Dewiwo anali amanyazi ndi amakani pamodzi. Chibangilicho ankachibisa m'sokosi zaubweya ngakhale kutchalitchi, n'kumati munthu wogona pabedi lake sanganene kuti walangidwa.

"Makani awowo akudyetsani nawo chisanu, mnzanga," anatero Eirlys. "Masiku amene munthu wadikira mlandu ali m'ndende amawerengedwa okha. A chibangili ayi. Ngati lamulo linali lokhala m'nyumba maola asanu ndi anayi kapena kuposa patsiku, masiku awiri amawerengedwa ngati limodzi, koma woweruza ayenera kunena yekha m'khoti. Nthawi yokonza cholakwikacho ndi yochepa, musagone."

M'mawa mwake Glenys anapita kwa loya, ndipo loyayo anapempha khoti kuti likonze chigamulo. Chovuta chinatsala ndi a Dewi eni ake, poti pempholo linkafunika chilolezo chawo. Pafoni anayamba kukana, ati sakufuna kupemphetsa chifundo.

"Si chifundo, bambo inu, ndi lamulo," anawadula Glenys. "Kapena mubwere mudzaziuze nkhosazi kuti zidikire Meyi."

Atamva zimenezo, a Dewi anavomera.

Woweruza anawachotsera miyezi itatu. A Dewi anafika kumudzi mu Febuluwale, ataonda koma manja ali amphamvu. Nkhosa yoyamba itavutika kuswa, ndi iwo amene anapinda malaya n'kutulutsa mapasa amoyo. Glenys analira ndi chimwemwe osabisa.

Ngati wachibale wanu anadikira mlandu atatsekeredwa panyumba, uzani loya chigamulo chisanaperekedwe, ndipo mumve ndi makutu anu woweruza akuchotsera masikuwo. Akaiwala, funsani msanga. Manyazi anatsala pang'ono kulanda banja la a Pritchard famu yawo.