Mbale Zoswa pa Ukwati wa Gillian

Erna anatsika sitima ya pamadzi ku Hull, doko la ku Mangalande, atanyamula masutikesi awiri. Imodzi inali ya zovala. Inayo inkalira gobedegobede, ndipo Len, mwamuna wa Traute, atainyamula anafunsa ngati alamu akewo abwera ndi njerwa zoti amangire nyumba yawoyawo. Traute sanavutike n'kumasulira nthabwalayo. Maso ake anali pa mkulu wakeyo. Tsitsi linali mbuu, thupi litafufuma, koma kayendedwe kanali komwe kaja ka munthu wopita kukakama ng'ombe.

"Wauma ngati nsomba ya padzuwa," anatero Erna m'Chijeremani. "Mngelezi wakoyu sakudyetsa?"

Traute anafuna kuyankha koma lilime linalemera. Chikwatiwire ndi Len, msilikali amene anamupeza mumsasa wa anthu othawa nkhondo, Chijeremani anachitsekera m'kabati. Mzinda wa Hull unaphwasulidwa kwambiri ndi mabomba a Ajeremani, ndipo mkazi wanzeru wokhala pakati pa anthu a padoko sankayanika chinenero chimenecho panja. Mwana wake Gillian, amene Loweruka linali la ukwati wake, anakula osadziwa ngakhale moni wa kwawo kwa amake. Abale a Traute anatha: bambo, mayi, alongo awiri. Anatsala Erna yekha. Ndiye chimene Traute ankafuna chinali chimodzi, ndipo sichinali chachikulu. Ankafuna kuti tsiku la ukwatilo, pa benchi ya kutsogolo ya abale a mkwatibwi, pambali pake pakhale munthu wa magazi ake.

Atafika kunyumba, Erna analanda mpeni n'kuyamba kusenda mbatatesi, akunena kuti mng'ono wake amasenda ngati mkazi wa munthu wolemera. Traute anafunsa za ku Lübeck, mzinda wa ku Jeremani kumene Erna ankakhala.

"Ku Reich n'ku Reich," anatero Erna. "Mbatatesi zawo n'zamadzi. Buledi ndiye usanene."

Kwawo kwa akazi awiriwa kunali ku Prussia ya Kum'mawa, kufupi ndi Tilsit, chigawo cha Jeremani chimene chinali pachokha, pakati pali dziko la Poland. Anthu a kumeneko akati ku Reich ankanena Jeremani winayo, wa kutsidya, kumene kunkapita anyamata ofuna ntchito m'mafakitale. Mawuwo tanthauzo lake ndi ufumu basi, ndipo alimo ngakhale m'Pemphero la Ambuye. Azakhali awo ankakhala ku Reich, ndipo pa Khirisimasi ankatumiza malalanje okulunga m'mapepala. Traute ali mwana ankayesa kuti Reich ndi munda wa malalanje. Nkhondo itatha, kwawo kunatengedwa ndi Arasha, mayina a midzi anasinthidwa, ndipo palibe ankaloledwa kubwererako. Erna anakalambira ku Lübeck akusita nsalu za m'chipatala, koma sananenepo kuti n'kwawo. Ankati amakhala ku Reich, monga mmene munthu amanenera kuti ali kwa eni.

Angelezi nawo mawuwa amawadziwa. Sanawamasulire. Anawatenga momwemo m'Chijeremani n'kuwapatsa ntchito imodzi yokha, yotchulira ulamuliro wa Hitler. Traute ankawamva pa wailesi, ankawaona m'nyuzipepala, ankawamva kwa ana osewera nkhondo mumsewu, onse akuwatchula molimba ngati akulavula fupa. Lero anawamva atanenedwa mofewa, pakati pa mbatatesi ndi buledi, ndipo m'mphuno mwake munadutsa fungo la khungu la lalanje. Anatembenuka n'kutsuka kapu yoyera kale. Kenaka anauza mkulu wake kuti mawu amenewo asatuluke nawo panja.

"Ndizinena kuti chiyani? Kwathu? Si kwathu."

Lachinayi kunabwera bambo Stathers, bambo a mkwati Keith, kudzamwa tiyi. Mkazi wawo anamwalira kale. Anali munthu wosalankhulalankhula, woyendetsa makina onyamula katundu padoko. Mwana wawo woyamba, kamtsikana, anafera m'nyumba imene bomba linagwera m'chaka cha 1941. Iwo ankamulemekeza Traute chifukwa anawaphikira pamene mkazi wawo ankadwala, komanso chifukwa sankawakumbutsa kumene anachokera. Anafunsa Erna mwaulemu kuti kwawo n'kuti. Erna anasonkhanitsa Chingelezi chake chochepacho n'kuyankha kuti kwawo kulibe, amakhala ku Reich, zaka zambiri ku Reich.

Bambo Stathers anaika kapu pansi.

Traute anafotokoza zonse. Anajambula ndi chala patebulo mmene dziko lawo linakhalira, Jeremani uku, Poland apa, kwawo uko. Ananena za sitima imene inkadutsa m'dziko la eni zitseko zili zokhoma, za azakhali, za malalanje, za pemphero. M'nyumba imeneyo anali asanalankhulepo za kwawo motalika chotero, moti Len ankamuyang'ana ngati mlendo. Bambo Stathers anamvetsera mpaka kumapeto. Sanali munthu wopusa.

"Ndamva, asewere," anatero. "Sindikuti achemwali anu ndi munthu woipa. Koma mawu amenewo kuno ali ndi ntchito imodzi, ndipo ntchitoyo inagwiridwira pa nyumba yanga. Loweruka ndisawamve."

Traute anavomera, poti panalibe chotsutsa. Mlendo atapita, Gillian analirira kuchipinda, n'kupempha kuti amayi aakuluwo azingomwetulira basi mpaka ukwati uthe. Traute anakapereka uthengawo akuyembekeza mkuntho, koma Erna anangogwedeza mutu. Anati kutseka pakamwa amatha, anatseka pamaso pa Arasha, ndipo mphatso imene wabweretsera mwanayo siifuna mawu.

Apa m'pamene Traute anayenera kufunsa za sutikesi yolira ija. Sanafunse. Mwina ankadziwa.

Lachisanu madzulo, dzuwa la mwezi wa Juni likadali pamwamba pa madenga, Traute anali m'chipinda cha m'mwamba atagwada, mapini ali kukamwa, akukonza mpendero wa diresi la Gillian. Panja panamveka phwaa. Kenaka phwaa, phwaa.

Kwawo kunali mwambo. Madzulo oti mawa ukwati, abale ndi anansi amabwera ndi mbale zadothi zakale n'kuziswa pakhomo pa mkwatibwi kuti phokosolo lithamangitse tsoka, ndipo mkwati ndi mkwatibwi amasesa mapalewo limodzi, ntchito yawo yoyamba ya awiri. Traute pa ukwati wake sanasweredwe kanthu, chifukwa mumsasa munalibe mbale yoti munthu n'kuswa. Erna sanaiwale zimenezo. Anayenda khomo ndi khomo kwa anzawo a ku Tilsit okhala ku Lübeck kupempha mbale zong'aluka ndi makapu opanda zogwirira, n'kuwoloka nazo nyanja.

Traute atatsika anapeza msewu wonse uli panja. Amayi anaima m'makomo manja ali ndi thovu la sopo. Mayi wina wokalamba wa kutsidya kwa msewu anagwira mphuthu ya chitseko ndi manja onse awiri, maso ali kumwamba. Palibe ankaseka. Anthu a mumsewu umenewo phokoso la zinthu zosweka ankalidziwa, ndipo silinkawakumbutsa ukwati. Pakati pa mapale panaima Erna atavala diresi lake la ku tchalitchi, sutikesi ili yasaa, akumwetulira, pakamwa ali chitsekere monga analonjezera.

Nthawi yomweyo bambo Stathers ndi Keith anatulukira pakona atanyamula mipando ya phwando la mawa. Nsapato ya bambo Stathers inaponda phale, n'kulira kukutu. Anaima. Nkhope yawo inachita kutuwa. Erna, poona kuti asewere afika, anatola mbale ina n'kuwapatsa ndi manja awiri. Ulemu wake unali umenewo. Iwo sanatambasule dzanja.

"Amayi, aletseni," anatero Gillian kumbuyo kwake, atafunda mkanjo pamwamba pa diresi. "Chonde, amayi."

Maso onse anali pa Traute. Anapita n'kulanda mbaleyo, cholinga chake aibwezere m'sutikesi, atseke, apepese kwa aliyense. Inali mbale wamba, yoyera, ya mzere wobiriwira m'mphepete, yobenthuka mbali imodzi. Inamulemera m'manja.

"Iswe m'malo mwa amayi," ananong'ona Erna. "Mdzukulu wawo akukwatiwa, iwo kulibe."

Traute anayang'ana mbaleyo. Anakumbukira usiku wa ukwati wa msuweni wawo, bwalo lodzaza anthu, amake akuseka mpaka kugwira nthiti, agalu akuuwa, iye ali kamtsikana akuswa kapu koyamba m'moyo popanda womukalipira. Bwalo limenelo tsopano linali ndi dzina la Chirasha. Anakweza mbaleyo n'kuimenyetsa pansi ndi mphamvu zonse.

Kenaka anachita chimene ankachidziwa, kukonza zinthu. Anauza msewu wonse m'Chingelezi chake cha ku Hull kuti umenewu ndi mwambo wa ukwati wa kwawo, palibe wamisala, palibe wakwiya, ndipo amene ali ndi mbale yong'aluka akhoza kubwera nayo. Palibe anabwera nayo. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi tsache ndi chowolera. Tsache anapatsa Gillian, chowolera anapatsa Keith. Keith anayang'ana bambo ake, anayang'ana Gillian, n'kugwada. Anati sankadziwa kuti ukapolo umayamba Lachisanu, ankayesa uyamba mawa. Mayi wina anaseka pang'ono n'kudzigwira pakamwa. Gillian anasesa, misozi ikutsika, osati ya chimwemwe.

Bambo Stathers sanalankhule ndi Traute. Anaitanira Len pambali n'kumuuza kuti ukwati ulipo, anawo sanalakwe, koma Erna asakhale kutsogolo kumene iwo angamuone, ngakhale patebulo la abale. Len anayesa kunena kuti ndi mlamu wake ndipo ali m'nyumba mwake, koma Gillian anamugwira mkono n'kumupempha kuti asawonjezere moto. Len anafika kukhitchini akukanda m'mutu. Erna atamva anati zili bwino, kumbuyo kufupi ndi chitseko n'kumene kuli mphepo yabwino, ndipo miyendo yake imatupa. Anakalowa m'chipinda, n'kukasita diresi limene linali losita kale.

Loweruka Traute anafika ku tchalitchi atavala chipewa chatsopano. Len anatsalira kuti abwere ndi mkwatibwi. Mnyamata wolandira alendo anamuperekeza mpaka pa benchi ya kutsogolo, ndipo anakhala yekha. Benchi inali yaitali. Tsidya lina kunali bambo Stathers ndi abale awo, odzaza mabenchi angapo, azakhali, amalume, ana osakhazikika. Kumbuyo kwake kunali abale a Len, amene anamulonjera bwino. Onsewo anali anthu abwino, ndipo anakhala nawo zaka zoposa zimene anakhala kwawo. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti iye ali mwana ankaopa atsekwe, kapena dzina la ng'ombe imene inamuponda phazi.

Anacheuka. Kutali, kuseri kwa mzati, kunkaoneka theka la chipewa chakuda.

Traute sanali munthu woganiza chinthu kawiri. Anatola chikwama chake, anaimirira, n'kuyenda pakati pa tchalitchi kubwerera kumbuyo, mitu ikutembenuka benchi ndi benchi. Bambo Stathers anamuona, n'kubweza maso kuguwa.

"Chitsiru iwe," anatero Erna. "Malo a mayi wa mwana ndi kutsogolo."

"Sunthani, achemwali."

"Udzalira nazo zimenezi. Ine mawa ndikwera sitima, iwe utsala nawo anthuwa."

"Ndati sunthani. Mwatenga benchi yonse ndi thupi lanulo."

Erna anasuntha. Limba linayamba kulira, anthu anaimirira, chitseko chinatseguka. Okhala kumbuyo ndi amene amayamba kuona mkwatibwi, ndipo Gillian analowa atagwira mkono wa bambo ake pafupi kwambiri moti Traute akanatha kukhudza nsalu. Gillian anawaona awiriwo. Sanamwetulire. Anakweza chibwano n'kupitirira, ndipo Traute anadziwa kuti nkhani imeneyi idzatenga zaka kuti izizire, mwinanso osazizira. Len yekha ndi amene anacheuka n'kutsinzinira diso limodzi.

Kuchokera pamenepo sankaona kanthu koma misana ndi zipewa. Mawu a abusa ankafika oduka, ndipo malumbiro a mwana wake sanawamve n'komwe. Anangodziwa kuti atha ataona mitu ikugwedezeka. Erna anali atamugwira dzanja. Chikhatho chake chinali chokhakhala, chodzaza zipsera za simbi, chofunda, ndipo Traute sanachisiye mpaka nyimbo yomaliza.