Anamuponya M'mwamba Atagonja

Chizuru ankakokota msuzi wotsiriza mumphika pamene wenzulo inalira. Sanafunse zigoli. Bwalo likangoti zii chonchija, ndiye kuti timu ya mwamuna wake yagonjanso.

"Ziwiri kwa duu," anatero Mayi Terashima, mwini tenti ya msuziyo, akupukuta mbale. "Ana amenewa miyendo anaisiya kunyumba. Koma msuzi watha, opambana ndife."

Anali masewera otsiriza a chaka, mphepo yozizira ya Disembala ikuluma makutu. Chizuru anatuluka, chipande chili m'manja, kukayang'ana mwana wake Mio yemwe ankasewera pafupi ndi mpanda. M'bwalomo osewera anandanda n'kuweramira ochemerera monga mwa nthawi zonse. Kumapeto kwa mzere kunali Kozo, mphunzitsi wa timu, bambo ake a Mio. Anawerama kwambiri, n'kuchedwa kudzuka.

Kenako anyamata aja anamuzungulira. Anamugwira miyendo ndi mapewa n'kumuponya m'mwamba. Anamuwakha, n'kumuponyanso. Ochemerera anaimirira akuwomba m'manja, ena akupukuta misozi.

Chipande chinagwera m'matope.

Kuno munthu saponyedwa m'mwamba wambawamba. Amaponya amene watenga chikho, kapena amene akutsanzika. Chikho panalibe. Chizuru anaziwonapo kamodzi zimenezi, tsiku limene bondo linamusiyitsa Kozo kusewera. Koma tsiku limenelo anabwera kubwalo akudziwa, mpango wopukutira misozi uli m'thumba.

"Mayi Terashima," anatero osacheuka, "akuwaponyeranji?"

Mayi aja anasiya mbale. Anamuyang'ana modabwa.

"Mwanawe, sunadziwe? Tauni yonse ikudziwa. Ine ndimati ukungolimba mtima, ndipo ndimakusirira."

"Ikudziwa chiyani?"

"Atula pansi udindo. Akuti akupita kummwera, ku Kyushu, kukakhala wachiwiri kwa mphunzitsi wina." Anatola chipande chija n'kuchipukuta ndi epuloni. "Walira mvula walira matope, mwanangu. Unakwatiwa ndi mpira."

M'mawa womwewo Chizuru anamusitira mwamuna wake malaya, n'kumulongedzera mpunga ndi nsomba m'kabokosi. Kozo anadya chakudya cham'mawa chonse, akufunsa ngati mafuta a chotenthetsera m'nyumba afika kumapeto kwa mwezi.

Chizuru anamudikira pagalimoto. Mio anagona kumpando wakumbuyo atafunda jekete. Kozo anabwera akutsimphina pang'ono, atakumbatira maluwa ambiri moti nkhope sinkaoneka bwino.

"Awa ndi ako," anatero.

"Maluwa sitidya, bambo a Mio. Kumwambako kunali bwanji? Munationa ife pansi pano?"

"Ndinawauza anyamata kuti asachite zimenezi. Sanandimvere."

"Chaka chonse sanakumvereni, akanayamba lero? Ndiye cholakwa n'chakuti ndaona?"

Kozo anaika maluwa padenga la galimoto. "Ndimafuna ndikuuze usiku uno, zonse zitatha."

"Wogulitsa matikiti akudziwa. Wotchetcha udzu akudziwa. Ine wochapa masokosi ndiye ndimve usiku uno. Akuchotsani?"

"Ayi. Akuluakulu a timu anati ndikhale chaka china. Koma timu yatsikira mu ligi yam'munsi, Chizuru. Wina ayenera kusenza mlandu. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Apa ndipo Chizuru anamvetsa. Kozo sanamuchotse n'komwe. Ntchito anaipereka yekha, ndi manja awiri, atawerama.

"Nkhonya yagwa pamutu panu," anatero Chizuru pang'onopang'ono, "koma wotupa ndine."

Anakumbukira makatoni. Kozo akusewera kumbuyo, timu iliyonse inkamusunga zaka ziwiri kapena zitatu n'kumugulitsa, ndipo Chizuru ankakulunga mbale m'manyuzipepala. Atayamba kuphunzitsa, makatoni omwewo. Anasiya kuwataya, ankangowapinda n'kuwalowetsa kuseri kwa kabati. Mio anabadwira tauni ina, anayendera ina, anayankhulira ina. Kuno kokha ndi kumene mwanayo anapeza mnzake womuitana pawindo. Chikwama chake chofiira cha sukulu chinali kale pakhoma, chikudikira Epulo, mwezi woyambira sukulu.

"Kummwera n'kofunda," anatero Kozo. "Bondo langa lidzapumako. Nyumba atipatsa, ili pafupi ndi bwalo."

"Ili pafupi ndi sukulu?"

Kozo sankadziwa. Anali asanafunse n'komwe.

"Kufakitale ya nsomba andiuza kuti chaka chamawa ndiyamba kugwira tsiku lonse," anatero Chizuru. "Ndinakuuzani muli pa vidiyo ya masewera. Munati 'chabwino, chabwino.'"

"Ndiye ukuti bwanji?"

"Mpira ndi wanu, utsatireni. Mio ayamba sukulu kuno. Ine makatoni anga sinditulutsa."

Kozo, munthu amene ankakalipira anyamata bwalo lonse n'kumva, anangoyang'ana nsapato zake. Amuna ambiri amakagwira ntchito kutali okha, iye ankadziwa zimenezo. Kungoti sanaganizepo kuti angakhale mmodzi wa iwo.

"Ndekha? Ine sinditha ngakhale kuphika mpunga."

"Munatha kusankha nokha. Mpunga ndi wosavuta kuposa pamenepo."

Mayi Terashima anadutsa akukankha ngolo ya miphika. Anaweramira Kozo mwaulemu, n'kuyang'ana Chizuru.

"Chaka chamawa ndifune wina wondithandiza?"

"Ayi, mayi. Ndidzakhalapo."

Analowa m'galimoto, Chizuru ndiye anagwira chiwongolero. Atangokhota pageti, maluwa aja anatsetsereka padenga n'kumwazika mumsewu. Kozo anacheuka, dzanja lili pachitseko. Chizuru sanaime.

"Mawa mudzuke msanga," anatero. "Tiyambira kutsuka mpunga."