Mlendo wa M'minibasi Yoyera

Lachiwiri m'mawa minibasi yoyera inalowa mumsewu wa kuseri kwa msika wa pa Boma ikutsokomola utsi. Itafika pageti pa Amai Philomena inanjenjemera kamodzi n'kuzima. Munatuluka mwamuna wamtali wovala shati yosita bwino. Anayang'ana nyumbayo, n'kugwira kumutu ngati waona ng'ona pakhonde, kenaka anabwerera m'kati osapereka moni kwa aliyense.

Pofika Lachinayi anali atakhazikika. Mazenera anawatchinga ndi zitenje, mbaula inkafuka kuseri kwa tayala, masokosi akuuma pagalasi.

Amai Philomena mtima sunali m'malo. Pabwalo pawo pankayanikidwa nsomba za malonda, ndipo m'nyumba munali Emeldah, mwana wawo mmodzi yekha, mphunzitsi wa kupulayimale.

"Amake Emeldah, uyu munthu mumudziwa?" anafunsa a Tenson, a nyumba yoyandikana nayo, atatsamira mpanda. "Ine ndamufunsa dzina, akuti ndi wodutsa chabe. Wodutsa wabwanji woyanika masokosi?"

Chomwe chinkawawawa kwambiri maiwo chinali china. Mlendoyo ankapatsa moni msewu wonse, mpaka anakankhira Amai Arlete wilibala ya makala. Koma iwo akangotuluka pageti, ankadumphira m'udzu n'kugwada atafulatira. Lachisanu anaganiza zomutchera msampha. Anamutengera tiyi ndi mandasi, nayenda monyang'ama, n'kugogoda pachitseko cha minibasi. Munthuyo anatulukira khomo la dalaivala, liwiro, nakabisala kuseri kwa mtengo wa mango wa a Tenson, kumene ankangoomba m'manja.

"Mwaona?" anakuwa Amai Philomena. "Munthu wabwino angathawe tiyi wamkaka?"

Madzulo ake anthu a mumsewumo anakumana pamthunzi. Ena anati akuwerenga zitseko, ena anati ndi kazitape wa ogula nsomba a ku Lusaka. Amai Arlete anangofuna kudziwa kumene amasamba. Anapangana kuti ikafika Loweruka masana motokayo ikadalipo, Amai Philomena akaitane apolisi adzaikoke, mwiniwake akafotokoze bwino kumeneko.

"Amama, mupatseniko mpaka Sondo," anatero Emeldah akupukuta mbale.

"Iwe chikukhudza n'chiyani?"

"Palibe. Chifundo chabe."

Anapitiriza kupukuta mbale yomwe inali itauma kale.

Loweruka dzuwa litafika pamutu, Amai Philomena anamanga chitenje chatsopano, ulendo wa kupolisi. Atatsegula geti anakumana ndi bambo wachikulire, buluku litanyowa mpaka m'maondo. Kumbuyo kwake kunali mai wonyamula mbale ziwiri zovundikirana, zomangidwa m'nsalu yoyera. Mbale zotere Amai Philomena ankazidziwa. Zimabwera pakhomo pamene anthu adzafunsira mbeta.

"Odi, amai! Ndine Damiano, tachokera kutsidya kwa mtsinje, ku Zumbo. Pepani tachedwa, tinali pamaliro masiku atatu. Ine ndine malume wa uyo ali m'motokayo."

"Wakuba uja ali ndi amalume?"

A Damiano anaseka mpaka kutsokomola.

"Tinamuuza kuti atidikire kudoko. Tinati usaonane maso ndi apongozi, usaponde pabwalo pawo, dzina lako lisamveke mumsewu wawo ife tisanalitchule. Iye mtima unamukoka kuti angodutsa aoneko denga la nyumba ya Emeldah. Manje motoka n'kumufera pageti penipeni! Kuisiya sakanatha, muli katundu wa eni ake."

Amai Philomena anatembenuka pang'onopang'ono. Emeldah anali pakhomo, atabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Maiwo anayesetsa kukwinya nkhope, koma kuseka kunawaphulika mpaka anagwira geti.

"Ndiye ine ndinali kupita kukamangitsa mkamwini wanga chifukwa cha ulemu!"

"Nanga kupolisi?" anafunsa a Tenson ali pampanda.

"Kupolisi mupite ndinu. Bweretsani mipando, ba Tenson, ndipo muitane amuna anzanu mukankhire motokayo pamthunzi, mwana wa eni angapse."

Chitenje cha pazenera la minibasi chinasuntha pang'ono, diso limodzi n'kusuzumira.

"Koma mbale sindikhudza," anatero maiwo atakhala pamphasa, "mpaka ndimve kuti ameneyu ndani."

A Damiano anagwada, naomba m'manja katatu, n'kukweza mawu kuti ngakhale a pampanda amve.

"Amai, mwana wathuyu dzina lake ndi Valentino Alfazema."