Foni ya Frazer Ikulirabe

Mkulu wanga Frazer ankaseketsa anthu pa Santhe. Tsiku la msika ankakwera pa ngolo n'kumatsanzira ogula fodya: kununkhiza tsamba, kukwinya nkhope, kulitaya ngati lawotcha. Alimi ankaseka mpaka kugwira nthiti. M'mawa uliwonse ankajambula nthabwala pa foni n'kutumizira anthu ake. Inenso ankanditumizira ndili ku koleji. Nthawi zambiri sindinkamvetsera n'komwe.

Anafa pa ngozi ya njinga yamoto nyengo yothyola fodya. Koleji ndinaisiya, ndinabwera kudzasoka fodya wake m'chigafa, foni yake ili m'thumba mwanga. Ndimaizimitsa, ndimaiyatsanso.

Ambiri anamva za maliro. Koma a Mphepo a ku Wimbe, nkhalamba yosaona, ankatumizabe mawu tsiku ndi tsiku: "Iwe Frazer, wakwatira kodi? Lero sunandiseketse, chitsiru iwe."

Munthu wamkulu samuuza za maliro pa foni. Ndinapalasa njinga.

"Odi kuno!"

Mawu anga ndi a Frazer n'chimodzimodzi. Pakhonde panaphulika chiseko.

"Wabwera wabodza uja! Fainala, m'patse mpando."

Fainala, mwana wawo wamkazi, anatulutsa mpando. Ine ndinavula chipewa n'kukhala padothi, monga amachitira wobweretsa uthenga wa maliro. Iye anagwira pakamwa. Ankadziwa kale, amangowabisira.

"Achimwene, chonde," ananong'ona, "ingowaseketsani. Akapanda kumva nthabwalazo sadya."

Ndinayesa. Ndinakweza mawu ngati wogula fodya: "Bambo, fodya uyu mwamusuta kale eti?" Mawuwo anatuluka ouma. A Mphepo sanaseke.

"Mpando umenewo umalira munthu akaukhalira," anatero. "Sindinaumve. Wakhaliranji pansi?"

Ndinayang'ana Fainala. Iye anayang'ana kumbali.

"Si iwe Frazer."

"Ndine mng'ono wake, agogo."

Anatambasula dzanja, kufufuza mpaka anapeza phewa langa.

"Munamuika kuti?"

"Kumudzi kwathu, ku Lukwa."

"Ndiye masiku onsewa ndakhala ndikutukwana munthu ali m'manda, inu muli chete?"

Foni ya Frazer inalira m'thumba mwanga, ndinaisiya.

"Fainala, nditengere jekete langa la kutchalitchi."

"Ababa, n'kutali, simungathe."

"Mwanayu andikweza pa njinga. Ndikawapepese amayi ake."