Malemu Amuna Anga Akukana Kutuluka pa Intaneti

Inu a Trust, amene munapanga tsamba la pa intaneti la alimi a kwa Kabudula kuno, mwandilakwira. Munaika khomo lolowera, lotulukira munalibisa. Ine ndine Ireen, mkazi wa malemu a Benedicto.

Amuna anga anamwalira chaka chatha, n'kundisiyira foni, mbuzi ndi munda wa mtedza. Pa foniyo anali atalowa kale pa tsamba lanulo, dzina lawo ndi chithunzi chawo atavala suti yobwereka. Mtedza utauma ndinalemba kuti ndili ndi mtedza wa chalimbana wabwino, ofuna abwere. Ine ndikanadziwa bwanji kuti zituluka m'dzina la malemu?

M'mawa mwake kuchigayo azimayi ankandipatukira. Wina anayankha pa tsambapo kuti, "A Benedicto, kodi kumeneko mvula inagwa bwino?" A Stanley a ku Nsaru anafunsa ngati katunduyo akatengere kunyumba kapena kumanda.

Ndinaseka, koma kuseka kunatha Lamulungu. Alamu anga a Felista, mlongo wa malemu, anabwera nkhope ili gwa, kudzanena kuti mwambo wondisudzula, woti abale a mwamuna andimasule, ayamba auimika. Ati amalume awo akana. Amalumewo ndi mkulu wa mpingo, za mizukwa sakhulupirira, koma akuti sangamasule mkazi pamene dzina la mwamuna wake likuyendabe m'misika. Ndiye ine ndikhale womangika chifukwa cha batani la pa foni? A Nowa ophunzitsa kwaya akhala akuima pakhomo panga kupempha pampu, chonsecho njinga yawo siinaphwe. Munthu amatopa.

Ndinawapatsa alamuwo foni kuti atulutse okha mlongo wawo. Anadina pakona, panabwera nkhani za feteleza. Anadina pena, chithunzi cha malemu chinakula kudzaza foni yonse, akumwetulira. Tinazimitsa, kuchotsa batire, kudikira tiyi aphike. Poyatsa, foni ikuti takulandiraninso a Benedicto.

Alamu anapsa mtima n'kulemba kuti, "Achimwene tulukani, mwatikwana." Uthengawo unatulukanso m'dzina la achimwene awo omwewo, ngati akudzithamangitsa okha. Tinaseka mpaka alamu anakhala pansi atagwira nthiti. Ali moyo analinso choncho bambo amenewa. Akakhala pa bawo, kuwachotsa kwake mpaka mvula.

Alamu anakafotokozera amalume zimene anaona ndi maso awo, kuti vuto si ine. Yankho labwera dzulo: mwambo uchitika Loweruka, bola malemu akhale atatuluka pa tsambapo. Mtedza watha wonse, chilungamo ndinene, malemu amatsatsa malonda kuposa ine. Koma mwamuna wa m'foni sakonza denga.

Uthenga unonso mukuuona m'dzina la a Benedicto. Musathawe, ndine Ireen. Batani lotulukira lili pati? Ndiyankheni pompano pagulu, aliyense aone, Loweruka lisanafike. Apo ayi ndibwera nayo foniyi kwanu, muzikhala nawo ndinu amuna angawa.