Kawaya ka M'mphuno mwa Kadontho

Kawaya kopyapyala kanalowa m'mphuno mwa mwanayo mpaka kummero, iye akulira, ndipo mayi ake anayang'ana kumbali. Anabadwa masiku asanakwane, wochepetsetsa moti m'wodi monse ankangomutcha Kadontho. Akayamwa n'kumugoneka, mkaka unkabwerera, iye n'kubanika mpaka milomo kuda.

Anesi anafotokoza kuti kawayako kayeza asidi wokwera kuchokera m'mimba kufikira mawa. Anati amuyamwitse ndi kumugoneka monga mwa masiku onse, ndipo zotsatira zikakhala bwino atuluka.

Anesi atangochoka, mayi a mapasa a bedi loyandikana ananong'ona. "Achemwali, makina alibe maso. Muzimuyamwitsa pang'ono, ndipo musamugoneke, mungomuimika pachifuwa. Apo ayi, mumera mizu muno ngati ine."

Mayi a Kadontho anali atatopa nacho chipatala, ndipo mtima unali pa mwana wamkulu amene anamusiya kwa aneba. Anamvera. Mikono inachita dzanzi, msana unawotcha, koma sanagonje. Akamva nsapato za anesi ankamugoneka mwanayo, nsapato zikadutsa n'kumunyamulanso.

Mawa lake adokotala anati asidi sakukwera kwenikweni, mankhwala safunika, alongedze. Bambo a mwana anathamangira panja kukaitana galimoto. Mayi anamuyamwitsa Kadontho mpaka kukhuta, n'kumugoneka kuti apinde zovala. Potembenuka anapeza mkaka ukutuluka m'mphuno, mwana ali zii, milomo itada. Anamunyamula n'kumusisita kumsana mpaka kamawu kanatuluka. Mantha anawagwira kuposa tsiku lobereka, pakuti kunyumba kulibe belu loitanira anesi. Mayi a mapasa anaona zonse, ndipo anatembenukira kukhoma.

"Tiyeni mayi, galimoto ikudikira," anatero bambo ali pakhomo, chikwama chili kale m'manja.

Mayi anawadutsa n'kukaima patebulo la anesi. Anaulula mmene ananamizira makina aja, ndipo anapempha kuti amubwezere mwanayo kawaya.

Anesi anayankha kuti, "Kuthamanga si kufika, mayi. Mukudziwa kuti alira kachiwiri chifukwa cha inu?"

"Ndikudziwa. Mutu wake ndigwira ndine."

Bambo anaika chikwama pansi. Kawaya katayamba kulowa Kadontho analira, ndipo ulendo uno mayi ake sanayang'ane kumbali.